Galimoto Yakalamba: Aikonze Kapena Agule Ina?

M'midzi yambiri ya ku Angoniya ndi ku Tsangano muli galimoto imodzi imene aliyense amaidziwa. Anthu amaizindikira ndi kulira kwake isanaonekere pa mseu. Ana amadziwa kuti m'mawa siidzuka yokha, imafuna anthu oikankha. Amayi amadziwa kuti citseko cake cimodzi cimatsekedwa ndi cingwe. Komabe galimoto yomweyo ndiyo imanyamula mbatatesi kupita nayo ku msika. Ndiyo imabweretsa feteleza mvula isanagwe. Usiku, mayi wapakati nthawi yake ikakwana, ndiyo imathamangira naye ku cipatala ca ku Ulongwe.

Tsiku limafika pamene galimoto yotere imadwala matenda aakulu. Imayamba kufuka utsi, kumwa oyilo ngati madzi ndi kulephera zitunda. Mekaniko amaiyang'ana, amapukusa mutu, kenaka amachula ndalama zambiri. Kuyambira tsiku limenelo mwini wake saona tulo. Kodi aikonzenso? Kodi aigulitse kuti agule ina?

Alangizi sasowa. Mlamu wake amati: "Alamu, cigalimoto ici cakutherani ndalama. Citayeni." Mnzake wa ku msika amati: "Acimwene, anzanu onse agula zonyezimira. Inu mukudikira ciyani?" Mkazi wake amafunsa motsitsa mau: "Bambo a ana, nanga mbeu ya caka cino tigula ndi ciyani?"

Funso la mayiyu ndilo lanzeru kuposa onse. Nkhani iyi siyenera kuweruzidwa ndi manyazi, kapena ndi mau a anthu a pa msika. Siyeneranso kuweruzidwa ndi cikondi cimene munthu ali naco pa galimoto imene wayenda nayo zaka zambiri. Iyenera kuweruzidwa ndi kope ndi pensulo. Pa banja la ndalama zocepa, kawirikawiri kope limayankha kuti kukonza n'kwabwino kuposa kulowa m'ngongole. Koma yankho limeneli lili ndi malire ake. Galimoto yakale iyenera kukonzedwa ngati msana wake uli wolimba, ngati zida zake zikupezeka, ndiponso ngati siikutha masiku ambiri ili cigonere.

Kumene luso lokonza linacokera

Pa 4 Okutobala 1992, ku Roma, kunasainidwa pangano la mtendere limene linathetsa nkhondo ya m'dziko la Mozambiki. Anthu ambiri amene anathawira ku Malawi anayamba kubwerera kwao. Anapeza miseu yoonongeka ndi milatho yakugwa. M'miseu ina munali mabomba okwirira pansi. Magalimoto anali owerengeka, ndipo zida zake zinali zosowa. Amisiri a nthawi imeneyo anaphunzira kudzutsa galimoto yakufa ndi waya, mphira ndi zitsulo zotola. Luso limenelo ndi cuma cimene cilipo mpaka lero. Mekaniko wa pansi pa mtengo wa mango amatha kumva nthenda ya injini ndi khutu lokha.

Koma nyengo ya kusowa inasiyanso cizolowezi coipa. Anthu ena anazolowera kumangirira ciliconse ndi waya, ngakhale zinthu zimene zimasunga moyo wa anthu. Masiku ano kwabweranso yesero lina. Magalimoto ogwirako kale nchito ocokera ku Japan aculuka m'matauni, ndipo amaoneka ngati atsopano. Motero mwini galimoto yakale ali pakati pa maenje awiri. Dzenje loyamba ndi kumamatira galimoto imene inafa kale. Dzenje laciwiri ndi kutaya galimoto yamoyo cifukwa ca kusirira.

Mseu nawo uli ndi mau ake pa nkhaniyi. Kucokera ku Ulongwe kukafika mu mzinda wa Tete pali makilomita oposa 200. Galimoto imanyamuka ku mapiri ozizira, n'kutsikira ku cigwa ca Zambezi, kumene m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Potsika ndi matumba a mbatatesi, mabuleki ndiwo amayesedwa. Pobwerera, galimoto ikamakwera zitunda dzuwa likuswa mtengo, radiyeta ndiyo imayesedwa. Amene akuganiza za galimoto yake aganize za ulendo umenewu, osati za maonekedwe ake pa bwalo la chalichi.

Funso loyamba: kodi msana uli bwino?

Galimoto yonyamula katundu, monga Toyota Hilux kapena Isuzu KB, inamangidwa pa zitsulo ziwiri zazitali zolumikizidwa ngati makwerero. Zitsulo zimenezi zimachedwa shasi. Ndiwo msana wa galimoto. Injini, masipuling'i ndi thupi lonse zimakhala pamenepo. Nambala ya shasi ndiyo imalembedwa m'cikalata ca galimoto cimene mu Cipwitikizi amati livrete.

Mdani wa shasi ndi dzimbiri. Matope akamamatira pansi pa galimoto nyengo yonse ya mvula, amasunga cinyontho ndipo citsulo cimadyeka. Feteleza wotayikira m'galimoto amafulumizitsanso dzimbiri. Kuyesa shasi sikufuna ndalama. Munthu amatsuka matope, amalowa pansi ndi kanyundo, n'kumagogoda citsulo. Citsulo cabwino cimalira momveka. Citsulo codyeka cimalira ngati cigubu, ndipo cimayoyoka. Malo ofunika kuyang'anitsitsa ndi pamene masipuling'i agwirira shasi, pakuti kulemera konse kwa katundu kumafikira pamenepo.

Shasi yopindika imadziulula yokha. Matayala amatha mbali imodzi. Galimoto imayenda cammbali ngati nkhanu. Ngati shasi inathyoka n'kuocherera, n'kuthyokanso pafupi ndi pomwepo, galimoto imeneyo yafika pa mapeto. Kuikamo injini yabwino kuli ngati kufolera malata atsopano pa nyumba imene cipupa cake cadyedwa ndi ciswe.

Injini ndi nkhani ina. Anthu ambiri amaopa utsi, koma utsi si imfa. Utsi uli ndi mitundu, ndipo mtundu uliwonse umanena zake. Utsi wakuda umasonyeza kuti mafuta akuculuka kapena mpweya ukucepa. Nthawi zina bvuto limakhala sefa ya mpweya imene yatsekeka ndi pfumbi, ndipo sefa si yodula. Utsi wobiriwira ngati mtambo umasonyeza kuti injini ikuocha oyilo, kawirikawiri cifukwa mphete za mapisitoni zatha. Bvuto limeneli limafuna kutsegula injini, koma limakonzeka. Utsi woyera wosatha, pamodzi ndi madzi ocepa m'radiyeta ndi oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka, umasonyeza kuti madzi akulowa kumene sayenera kulowa. Kawirikawiri cimene capsa ndi cotsekera ca pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, cimene amisiri amati junta. Ico cimasinthidwa. Coopsa ndi kung'aluka kwa thunthu lenileni la injini.

Motero lamulo loyamba ndi ili: injini imacira, koma msana wodyeka sucira.

Funso laciwiri: kodi zida zikupezeka?

Akuluakulu amakumbukira malole a IFA. Malole amenewa anali ocokera ku Jeremani ya kum'mawa, ndipo anabwera ambiri dziko litalandira ufulu m'caka ca 1975. Anali olimba, osaopa matope. Koma fakitale yake inaleka kuwapanga m'caka ca 1990, caka cimene maiko awiri a Jeremani anakhala dziko limodzi. Pang'ono ndi pang'ono zida zinayamba kusowa. Lole imodzi inkaphwasulidwa kuti ina iyende. Pamapeto pake ambiri anaima, osati cifukwa cakuti anali ofooka, koma cifukwa cakuti kacitsulo kamodzi kanasowa.

Phunziro lake n'loonekeratu. Galimoto siikhala ndi moyo cifukwa ca kulimba kokha. Imakhala ndi moyo cifukwa cakuti ili ndi abale ambiri pa mseu. Hilux, Hiace ndi Canter zili paliponse. Zida zake, zatsopano ndi zakale zomwe, zimapezeka ku Tete, ndiponso kutsidya kwa malire ku Dedza ndi ku Lilongwe. Mekaniko aliyense anazitsegulapo. Galimoto yotere, ngakhale yakalamba, ili ngati munthu wa pfuko lalikulu: akadwala sasowa womudwazika. Koma galimoto ya mtundu wosowa, imene cida cake ciyenera kuitanitsidwa kutali n'kudikira miyezi iwiri, ndi mlendo wopanda mbale.

Pogula zida pafunikanso maso. Pali zida zenizeni, ndipo pali zida zongofanizira zimene zimachipa koma sizikhalitsa. Cida cochipa cimagulidwa kawiri, ndipo mekaniko amalipidwanso kawiri. Kawirikawiri cida ceniceni cocotsedwa ku galimoto ina cimaposa cida catsopano cabodza.

Funso lacitatu: kodi imagona masiku angati?

Apa ndi pamene kope limayamba nchito. Kope lomwelo limene ana a sukulu amati kaderno n'lokwanira. Tsamba ligawidwe m'mizere inai. Mzere woyamba ndi wa tsiku. Waciwiri ndi wa cimene caonongeka. Wacitatu ndi wa ndalama zimene zapita. Wacinai ndi wa masiku amene galimoto yakhala osayenda. Ku mapeto a kope kulembedwe ndalama zimene galimoto yabweretsa ndi zimene zapita ku mafuta.

Eni magalimoto ambiri salemba. Amakumbukira ndalama zazikulu zokha, n'kuiwala zazing'ono za mlungu ndi mlungu. Ena amakumbukira tsiku limodzi lamanyazi pamene galimoto inafera pa msika anthu akuona, n'kuiwala miyezi 10 imene inayenda bwino. Mtima umakulitsa zina ndi kucepetsa zina. Kope silicita zimenezo.

Mzere wacinai ndiwo wofunika kwambiri, ngakhale kuti anthu amauiwala. Galimoto ikagona, banja limataya kawiri. Limalipira mekaniko, ndiponso limataya ndalama zimene galimoto ikanabweretsa. Masiku nawo salingana. Tsiku lotayika m'mwezi wa Febuluwale, pamene m'munda mulibe cogulitsa, silipweteka kwambiri. Tsiku lotayika nyengo yokolola limapweteka. Matimati sadikira mekaniko. Kabici safunsa ngati cida cafika. Cifukwa cake mwini galimoto wanzeru amakonza zazikulu m'nyengo imene nchito ili yocepa, osadikira kuti galimoto ifere pa mseu itasenza katundu.

Masamu a pa mphasa

Manambala otsatirawa ndi acitsanzo cabe. Banja lililonse liike manambala ake.

Mlimi wina ali ndi galimoto yakale yonyamula katundu. Shasi yake ili bwino, koma injini ikuocha oyilo. Mekaniko wanena kuti kutsegula injini ndi kuikonza kufuna mametikali 120 000. Munthu wina akufuna kuigula monga iliri pa mametikali 200 000. Galimoto ina yooneka bwino ikugulitsidwa mametikali 700 000.

Akasankha kukonza, alipira 120 000. Galimoto yakale siileka kupempha, motero aikepo 50 000 caka ciliconse ya zokonza zazing'ono. Pa zaka 3 zimenezi zikwana 150 000. Zonse pamodzi ndi 270 000.

Akasankha kugula ina, agulitsa yakaleyo n'kutsala ndi kusowa 500 000. Ndalama zimenezi alibe, ayenera kukongola. Ngati ngongoleyo ndi ya zaka 3, ndipo ciongoladzanja ndi 25 pa 100 iliyonse pa caka, caka coyamba ciongoladzanja cokha ndi 125 000. Ndalama zimenezi zaposa kale mtengo wokonzera injini. Akamabweza gawo limodzi la magawo atatu caka ciliconse, ciongoladzanja ca zaka zonse 3 cikwana pafupifupi 250 000. Motero abweza 750 000. Galimoto yogulayo nayonso idzafuna kukonzedwa, mwina 20 000 pa caka. Zonse pamodzi ndi 810 000.

Kusiyana kwa njira ziwirizi ndi 540 000. Koma masamu acilungamo sathera pamenepa. Zaka 3 zikatha, galimoto yogulayo ingagulitsidwe mwina 450 000, pamene yakaleyo ingagulitsidwe 150 000 yokha. Kusiyana kumeneku, 300 000, kucotsedwe. Patsala 240 000. Ngati yakaleyo imamwa mafuta ambiri, mwina oposa inayo ndi 30 000 pa caka, pacotsedwenso 90 000. Patsala 150 000. Ngakhale zonsezi zitawerengedwa, kukonza kwapambana.

Tsopano mzere wacinai ulankhule. Ngati kope likusonyeza kuti galimoto yakaleyo imagona masiku 60 pa caka, ndipo tsiku lililonse banja limataya 2 000, ndiye kuti pa caka likutaya 120 000. Pa zaka 3 ndi 360 000. Apa yankho latembenuka. Galimoto imeneyo ikudya banja, ndipo iyenera kupita.

Masamu amenewa si obvuta. Ndi kuphatikiza, kucotsa ndi kuculukitsa. Mwana wa kalasi yacisanu angathe kuthandiza makolo ake kuwacita madzulo pa mphasa. Apa ndi pamene sukulu imalowa m'nyumba.

Pali colakwa cimodzi cimene anthu amacita powerengera. Amati: "Ndaonongerapo kale ndalama zambiri, sindingaitaye tsopano." Maganizo amenewa ndi msampha. Madzi akatayika saoleka. Ndalama za caka catha zinapita, kaya galimoto ikhale kaya igulitsidwe. Kope la caka catha limathandiza kuona za kutsogolo, koma silibweza kanthu. Funso loyenera ndi lakuti: kuyambira lero, njira iti idya ndalama zocepa?

Cikomekome ca mkuyu

Munthu wa ndalama zocepa akamati agula galimoto yatsopano, kwenikweni akunena galimoto yakale ya munthu wina. Amasinthanitsa matenda amene akuwadziwa ndi matenda amene sakuwadziwa. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Magalimoto a ku Japan ali ndi ubwino wake. Ku Japan magalimoto amayenda kumanzere kwa mseu monga ku Mozambiki, motero ciongolero cili mbali yoyenera. Kumeneko galimoto imayezedwa mwa lamulo ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo kusunga galimoto yakale kumadula. N'cifukwa cake ambiri amatumizidwa kunja akadali ndi mphamvu. Koma mtengo umene munthu amauona pa intaneti si mtengo wotsiriza. Pali ndalama za sitima ya pamadzi, za pa doko, za msonkho wa kasitomu ndi za kulembetsa. Amene sanafunse zonsezi amapezeka kuti ndalama zamuthera galimoto ikadali pa doko. Safunsa anadya phula.

Palinso zina. Magalimoto ambiri otere anapangidwira miseu ya phula, ndipo mimba yao ili pafupi ndi nthaka. Pa mseu wa ku Domwe nyengo ya mvula amakhula pansi. Ambiri ali ndi injini yoyendetsedwa ndi kompyuta. Ikadwala, khutu la mekaniko wa kumudzi silikwanira, pafunika makina oyezera amene amapezeka m'tauni. Nambala ya makilomita yooneka kutsogolo kwa dalaivala ikhoza kubwezedwa m'mbuyo ndi anthu acinyengo. Penti watsopano amabisa dzimbiri.

Izi sizitanthauza kuti kugula n'kulakwa nthawi zonse. Zitanthauza kuti galimoto yogula iyenera kufunsidwa mafunso atatu omwewo: msana, zida ndi masiku. Wogula apite ndi mekaniko amene amamukhulupirira. Aidzutse injini ili yozizira, pakuti injini yotentha imabisa matenda. Ayerekeze nambala ya pa shasi ndi ya mu livrete. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Coopsa koposa ndi ngongole. Ulimi umadalira mvula, koma ngongole siidziwa cilala. Mwezi ukatha imafuna zake. Amene wapereka ng'ombe kapena nyumba ngati cikole angataye zonse, galimoto ndi cikole comwe. Amene wapita kwa akatapila walowa m'moto weniweni. Ndipo amene watenga ndalama za mbeu ndi feteleza kuti akwanitse mtengo wa galimoto adzakhala ndi galimoto yokongola yopanda conyamula.

Zimene otsutsa amanena

Ena amati mekaniko sangalangize munthu kugulitsa galimoto yakale, cifukwa iye amadyera pomwepo. Mau amenewa ali ndi coonadi pang'ono. Amisiri ambiri ndi okhulupirika, koma si onse. Mankhwala ake si kutaya galimoto. Mwini wake afunse amisiri awiri amene sagwira nchito pamodzi. Apite yekha kokagula zida, kapena atume munthu wake. Apemphe kuti cida cakale cimene cacotsedwa abwezeredwe. Agwirizane mtengo nchito isanayambe, ndipo alipire gawo lotsiriza galimoto itayesedwa pa citunda.

Ena amati galimoto yakale imacotsa ulemu. Koma ulemu wa munthu suli pa penti. Pa mudzi amalemekeza munthu amene ana ake ali pa sukulu, nkhokwe yake ili yodzaza, ndipo galimoto yake imafika ikaitanidwa usiku. Amene amaseka galimoto yakale masana ndi omwewo amagogoda pa khomo la mwini wake mwana akadwala.

Ena amati galimoto yakale ndi ngozi. Awa ndiwo ayenera kumvedwa koposa onse, pakuti akunena za moyo.

Zinthu zimene sizidikira

Kukonza galimoto yakale sikutanthauza kuinyengerera. Pali zinthu zimene zingadikire ndalama: penti, mipando yong'ambika, wailesi, citseko colira. Pali zinthu zinai zimene sizingadikire ngakhale tsiku limodzi: mabuleki, ciongolero, matayala ndi nyale.

Mabuleki amene amafuna kupondedwa kawiri kapena katatu asanagwire ali ndi bvuto lalikulu. Mwina mafuta ake akudontha, mwina mwalowa mpweya. Kuthiramo madzi a sopo m'malo mwa mafuta a mabuleki ndi kuitana maliro. Tayala losalala limatsetsereka pa mvula, ndipo pa phula lotentha la ku Moatize likhoza kuphulika. Ciongolero colobodoka cimasonyeza kuti zolumikizira za kutsogolo zatha. Nyale imodzi usiku imanamiza anthu kuti kukubwera njinga yamoto.

Galimoto ya kumudzi siiyenda ndi mwini wake yekha. Pamwamba pa matumba pamakhala amayi ndi ana. Ngati ndalama zilipo zokwanira cinthu cimodzi cokha, injini kapena mabuleki, mabuleki ayambe. Galimoto yosadzuka imangotayitsa ndalama. Galimoto yosaima imatayitsa anthu. Ndipo ngati banja silingakwanitse zinthu zinaizi, galimoto imeneyo isacoke pa khomo.

Lamulo nalo lili ndi zofuna zake: msonkho wa pa caka umene anthu amaucha manifesto, inshuwalansi imene amati seguro, ndi kuyezetsa galimoto kumene amati inspecção. Ndalama zimenezi zilembedwenso m'kope, pakuti zimafunika kaya galimoto ndi yakale kaya yogula kumene. Walira mvula walira matope.

Njira yacitatu

Anthu amaiwala kuti mafunso si awiri okha. Munthu akhoza kugulitsa galimoto osagula ina. Ngati kope likusonyeza kuti galimoto imagwira nchito yeniyeni miyezi itatu yokha pa caka, kubwereka galimoto ya wina pa miyezi imeneyo kungachipe kuposa kusunga yake caka conse. Ku Angoniya ngolo ya ng'ombe imacotsa katundu ku munda kufika pa mseu waukulu popanda dontho la mafuta. Njinga yamoto imakwanira pa maulendo aang'ono. Alimi angapo akhoza kusonkherana n'kulipira lole imodzi yopita ku Tete. Kutsika pa galimoto kwa zaka ziwiri si kugwa. Ndi kupuma kuti munthu adzayambenso ali wopanda ngongole.

Ndipo amene wasankha kukonza asaganize kuti nkhani yatha. Kukonza ndi kugula nthawi. Galimoto iliyonse ili ndi tsiku lake lomaliza. Zaka zimene injini yokonzedwa ikuyenda ndizo zaka zosungira ndalama za galimoto yotsatira. Pa ulendo uliwonse apatule kagawo, akasunge ku banki, pa foni kapena m'gulu la cipereganyu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Tsiku lomaliza likadzafika, adzagula ali ndi ndalama m'manja, ndipo adzasankha mosathamanga.

Asamalenso zazing'ono zimene zimatalikitsa moyo wa galimoto. Ayang'ane oyilo ndi madzi m'mawa uliwonse. Asinthe oyilo pa nthawi yake. Atsuke matope a pansi mvula ikatha. Asasenzetse galimoto katundu woposa mphamvu yake, pakuti thumba limodzi loonjezera lero ndi sipuling'i yothyoka mawa.

Pomaliza

Galimoto ya pa banja si ya bambo yekha. Ndalama zoikonzera zimacokera ku munda umene mayi ndi ana analima nawo. Ngongole ikabvuta, onse amagona ndi njala. Cifukwa cake nkhaniyi ikambidwe poyera, kope lili pakati. Mutu umodzi susenza denga.

Ngati msana uli wolimba, zida zikupezeka, ndipo masiku ogona ndi ocepa, galimoto ikonzedwe, kuyambira ku mabuleki. Ngati cimodzi mwa zitatuzi calephera, igulitsidwe isanatheretu mtengo, ndipo wogulayo auzidwe zoona za matenda ake. Ina igulidwe pamene ndalama zilipo, osati pamene anthu a pa msika anena. Mbeu ya caka cino isakhudzidwe.

Mau ofunika

Shasi: zitsulo zazitali za pansi zimene zimanyamula galimoto yonse.
Radiyeta: cosungira madzi oziziritsa injini.
Ciongoladzanja: ndalama zoonjezera zimene munthu amalipira pobweza ngongole.
Cikole: cinthu cimene wokongola amalonjeza kuti citengedwe akalephera kubweza.
Livrete: cikalata cofotokoza galimoto ndi manambala ake.

Mafunso

1. Chulani mafunso atatu amene mwini galimoto yakale ayenera kudzifunsa.
2. N'cifukwa ciyani malole ambiri a IFA anaima?
3. Galimoto yagona masiku 25, ndipo tsiku lililonse banja lataya mametikali 1 500. Kodi lataya ndalama zingati?
4. Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti "Madzi akatayika saoleka" pa nkhani imeneyi.
5. Kambiranani m'magulu: kodi mafunso omwewa angathandize munthu amene ali ndi njinga, ngolo kapena cigayo cakale?